Masanje a Nkhondo: Kodi Simuleta Ingaphunzitse Msilikali Kuitana Mizinga ndi Ndege?

Pa ntchito zonse za usilikali, ndi zochepa zimene zimalira kusamala ngati ya msilikali amene amaitana mizinga kapena ndege zankhondo kuti ziphulitse malo amene iye yekha ndiye akuwaona. Mzinga wa mtundu wa D-30, womwe mayiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Zambia ali nawo, umaponya chipolopolo pa mtunda wa makilomita 15, choncho owombera ake amakhala kutali kuseri kwa mapiri, ndipo maso awo amakhala munthu mmodzi amene wabisala kutsogolo ali ndi mapu, kampasi, magalasi oonera patali ndi wailesi. Munthu ameneyu, amene m'nkhani ino azitchedwa wolondolera, ndiye amauza owombera pamene pali chandamale, ndiponso amalongosolera woyendetsa ndege, amene akudutsa pa liwiro la makilomita mazana angapo pa ola, kuti mdani ali pati ndipo anzawo ali pati. Magulu ankhondo a m'bungwe la NATO amatcha wolondolera ndege kuti JTAC, ndipo samulola kugwira ntchitoyi asanayesedwe ndi kupatsidwa chiphaso. Mtsutso umene ulipo ndi wakuti kodi munthu wotere angaphunzire mokwanira pa simuleta, kutanthauza makina a kompyuta amene amajambula bwalo la nkhondo pa sikirini yaikulu kapena pa khoma lozungulira, nayerekezera kulira kwa ndege, kugwa kwa chipolopolo ndi mawu a pa wailesi, popanda kutentha wonga ngakhale pang'ono.

Funsoli limamveka bwino likaikidwa pa malo enieni, ndipo m'Zambia ndi malo ochepa amene amalionetsa poyera kuposa tauni ya Kafue, yomwe ili makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. M'dera laling'ono limeneli muli mlatho wa njanji umene unamangidwa mu 1906, mlatho wa msewu waukulu umene magalimoto ochokera ku Livingstone ndi ku Chirundu amawoloka polowera ku likulu, malo oyeretsera madzi a Iolanda amene amamwetsa gawo lalikulu la Lusaka, fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ndiponso, chakum'mawa m'matanthwe, malo opangira magetsi a Kafue Gorge. Pakati pa zonsezi pali nyumba za anthu, misika, masukulu, madoko a asodzi, komanso sukulu ya asilikali a Zambia National Service. Awa ndi malo oyenera kutetezedwa, koma ndi malonso amene mkulu wa asilikali wanzeru sangalole kuti pagwe chipolopolo chophunzirira, kotero kuti luso lowatetezera liyenera kuphunziridwa kwina kapena m'njira ina.

Nkhawa imeneyi si yongopeka. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za boma la Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZIPRA, gulu lankhondo la chipani cha Joshua Nkomo, ku Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, n'kupha anthu oposa 200, ndipo chiwembucho chili mkati woyendetsa ndege wodzitcha Green Leader analamula oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za Zambia zisanyamuke. Mu Okutobala ndi Novembala 1979 asilikali a Rhodesia anagwetsa milatho ingapo, kuphatikizapo wa njanji ya TAZARA pa mtsinje wa Chambeshi ndi wa pa Chongwe. Ndege zawo za Hunter ndi Canberra zinali zokalamba kale pa nthawiyo. Chimene chinawapatsa mphamvu chinali kumvana kwa amene anali mumlengalenga ndi amene anali pansi, kumvana kumene kumadza pokhapokha anthu akachita chinthu chimodzimodzi kambirimbiri.

Ochirikiza simuleta amayambira pa kubwereza kumeneku, ndipo amakulumikiza ndi nkhani ya ndalama. Dziko la Zambia linalephera kulipira ngongole yake yakunja mu Novembala 2020, ndipo ndege zisanu ndi imodzi za L-15 zimene gulu la Zambia Air Force linalandira kuchokera ku China m'zaka za 2016 ndi 2017, pamodzi ndi za K-8 zimene zinabwera poyamba, zimamwa mafuta ndi kutha zipangizo pa ola lililonse limene zili m'mwamba, zipangizo zogulidwa ndi ndalama zakunja. Zipolopolo nazo zakwera mtengo: mu Okutobala 2023 Admiral Rob Bauer wa NATO ananena kuti chipolopolo chimodzi cha mzinga wa mamilimita 155, chomwe chinkagulidwa pafupifupi 2,000 euro nkhondo ya ku Ukraine isanakule, chinali chitafika pa 8,000 euro. Wophunzira amene akudikira zipolopolo zenizeni amapatsidwa mpata wochepa kwambiri, pamene wa pa simuleta angathe kuitana mizinga kambiri m'mawa umodzi, n'kulakwa, n'kubwezeredwa pamene walakwapo kuti aone chimene chamusokoneza.

Kuti phindu la kubwerezaku lioneke, m'pofunika kuyang'anitsitsa m'mene kuitana mizinga kumachitikira. Wolondolera amatchula dzina lake la pa wailesi, kenako manambala a pa mapu osonyeza pamene pali chandamale, kenako chimene akuchiona, kaya ndi magalimoto kapena asilikali m'ngalande, ndipo wolandira uthengawo amaubwereza liwu ndi liwu kuti cholakwa chigwidwe chipolopolo chisanatuluke. Chipolopolo choyamba kawirikawiri sichigwa pa chandamale. Chikapitirira, wolondolera amalamula kuti abweze mamita 400. Chikaperewera, awonjezere 200. Chikapitiriranso, abweze 100, mpaka chandamalecho chitapanikizika pakati pa kugwa kuwiri koyandikana, ndipo apo m'pamene amalamula kuti mizinga yonse iwombere pamodzi. Anzake akakhala pa mtunda wosapitirira mamita 600 kuchokera pa chandamale, ayenera kuchenjeza owombera ndi mawu akuti danger close, kuti asinthe kawomberedwe. Palinso kamsampha kamene kamakola ophunzira ambiri: pa wailesi ya mizinga liwu la Chingerezi lakuti repeat silitanthauza kuti munthu anenenso zimene wanena, koma kuti awomberenso pomwe paja, ndipo amene sanamve bwino ayenera kunena kuti say again. Msilikali amene kunyumba amalankhula Chinyanja, Chitonga kapena Chibemba, ndipo Chingerezi ndi chapantchito, afunika kuti mawu ngati amenewa akhazikike pakamwa pake mpaka azituluka okha, pakuti mantha akabwera lilime limathamangira ku chimene linazolowera.

Kuitana ndege n'kovuta kuposa apa, chifukwa wolondolera amapereka uthenga wa mizere isanu ndi inayi, wonena pamene ndege iyambire, kumene ilowere, mtunda, kukwera kwa malo, chandamale ndi manambala ake, chizindikiro chimene waikapo monga utsi, pamene pali anzake, ndi kumene ndegeyo itulukire, ndipo bomba silitulutsidwa iye asanavomereze komaliza. Asilikali a Zambia akhala akutumikira ku Central African Republic pansi pa bungwe la United Nations kuyambira mu 2015, makamaka ku Birao, ndipo pa ntchito zotere helikopita imene msilikali angaiitane nthawi zambiri imayendetsedwa ndi anthu a dziko lina amene sanakumanepo nawo. N'zimenenso zinachitika kum'mawa kwa Congo mu Novembala 2013, pamene mahelikopita a Rooivalk a ku South Africa anathandiza kugonjetsa zigawenga za M23, mogwirizana ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Chimene chimalumikiza anthu osadziwana chotere ndi ndondomeko imodzi ya mawu, ndipo ndondomeko ya mawu ndiyo simuleta imaphunzitsa bwino kuposa china chilichonse.

Mfundo yolemera kwambiri ya mbali iyi ndi yakuti pali ngozi zina zimene sizingaphunziridwe pa chinthu chenicheni popanda kuika miyoyo pachiswe. Anthu a ku Zambia amaidziwa nkhaniyi ndi misozi. Pa 27 Epulo 1993 ndege ya Zambia Air Force ya mtundu wa Buffalo, imene inanyamula timu ya mpira ya dzikolo pa ulendo wa ku Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, n'kupha anthu onse 30, mwa iwo osewera 18. Lipoti la boma la Gabon, limene linatuluka mu 2003, linati injini ya kumanzere itagwira moto, woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa injini ya kumanja yomwe inali yabwino. Palibe mphunzitsi amene angayatse moto pa injini ya ndege yeniyeni usiku pamwamba pa nyanja kuti wophunzira azolowere, koma pa simuleta zimenezi zingachitike kakhumi pa tsiku. Maganizo amenewa ndi akale: Edwin Link anapanga makina oyamba otchuka ophunzitsira oyendetsa ndege mu 1929, ndipo asilikali a America anayamba kuwagula mu 1934, oyendetsa ndege awo angapo atafa ponyamula makalata m'nyengo yoipa. Ngakhale m'dera la Kafue njirayi si yachilendo, popeza sukulu ya Kafue Gorge Regional Training Centre imaphunzitsa oyendetsa makina a magetsi a m'mayiko osiyanasiyana pa simuleta asanakhudze makina enieni.

Ochirikizawa amawonjezera za malo. Chipolopolo china sichiphulika pogwa, chimatsala m'nthaka kudikira khasu, ng'ombe kapena mwana wotola zitsulo zogulitsa, ndipo m'chigwa cha Kafue, m'mene Aila ndi Atonga amadyetsa ng'ombe zawo madzi akaphwa, simungapatulidwe bwalo lowomberamo popanda kulanda anthu msipu. Ngakhale pa bwalo lopatulidwa kale ngozi siisowa, monga zinaonekera pa 12 Okutobala 2007 ku Lohatla, ku South Africa, pamene mfuti yowombera ndege inasokonekera pa maphunziro n'kupha asilikali asanu ndi anayi.

Otsutsa sakana zambiri mwa izi, koma amati simuleta ndi masanje, ndipo mwana amene waphika bwino ku masanje sanafike poti n'kumusiyira mphika wa pamaliro. Kufanizaku n'kokomera makinawa kuposa m'mene otsutsawo amaganizira, pakuti ku masanje moto umakhala weniweni ndipo mwana wosasamala amapsa chala, pamene m'chipinda cha simuleta mulibe chimene chimapsa. Wophunzira amakhala atagona bwino, atadya, pamalo ozizira, akudziwa kuti akalakwa mphunzitsi adina batani n'kuyambanso. Pa bwalo lenileni amakhala atayenda usiku wonse atasenza wailesi ndi mabatire, makutu ali gwa ndi phokoso, manja akunjenjemera, pensulo ikuterereka pa mapu onyowa ndi thukuta, ndipo nthaka imagwedezeka pansi pa mimba yake chipolopolo chikagwa. Amene sanamvepo kugwedezeka kumeneko sadziwa chimene thupi lake lidzachite, ndipo aphunzitsi ake nawonso sadziwa.

Amatchulanso za maso. Sikirini imaonetsa dziko loyera bwino, la malire ooneka, pamene chigwa cha Kafue m'miyezi ya Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala chimakutidwa ndi utsi wa lupsa ndi fumbi, ndipo ndi chosalala mwakuti munthu amasowa chizindikiro choyezera mtunda, kupatula chulu, mtengo umodzi kapena mzere wa mabango umene umasuntha malinga ndi madzi a chaka chimenecho. Denga la malata la kalasi ndi la nyumba yosungiramo zida zimawala mofanana dzuwa likaomba. Ku Kunduz, ku Afghanistan, pa 3 Okutobala 2015, ndege ya America ya AC-130 inawombera chipatala cha bungwe la Médecins Sans Frontières n'kupha anthu 42, chifukwa makina ake atalozera pabwalo lopanda kanthu, oyendetsa anasankha ndi maso nyumba imene inafanana ndi imene anauzidwa, pamene chandamale chenicheni chinali pa mtunda wa mamita mazana ochepa. Awa anali anthu ophunzitsidwa ndi zida zapamwamba kwambiri pa dziko lapansi.

Chitsanzo chimene chimapyoza pakati pa mtsutso wonse ndi cha pa 5 Disembala 2001, kumpoto kwa Kandahar. Wolondolera wa America anali atawerengera malo a adani pa kachipangizo ka GPS, komwe kamapeza malo pogwiritsa ntchito masetilaiti, batire ya kachipangizoko n'kutha. Ataika ina, kachipangizoko kanayambiranso, ndipo monga kanapangidwira, kanaonetsa manambala a malo amene iko kanali, osati a chandamale. Manambalawo anatumizidwa ku ndege ya B-52, ndipo bomba lolemera pafupifupi makilogalamu 900 linagwera eni ake, n'kupha asilikali atatu a America ndi anzawo angapo a ku Afghanistan, komanso kuvulaza pang'ono Hamid Karzai, amene posakhalitsa anakhala mtsogoleri wa dzikolo. Ochirikiza simuleta amati cholakwa chotere n'chosavuta kuchiphunzitsa pa makina, ndipo akunena zoona. Otsutsa amayankha kuti n'chosavuta lero chifukwa chinachitika kale, pakuti batire ya pa simuleta imatha pokhapokha wolemba masewerawo ataganiza kuti ithe. Nawonso akunena zoona, ndipo yankho lawo ndi lakuya kuposa la anzawo: makina amaphunzitsa ngozi zodziwika, pamene chakudza sichiimba ng'oma.

Kuchokera apa mtsutso umasamukira kwa munthu amene amalemba masewerawo. Ngati nthawi zonse chimene chaoneka pa sikirini chimakhala mdani, ndipo wophunzira amapeza malikisi powombera msanga, makinawo akumuphunzitsa kusakayika. Pa 3 Julayi 1988 sitima yankhondo ya America ya Vincennes inagwetsa ndege ya anthu wamba ya Iran Air n'kupha anthu 290, ndipo ofufuza anapeza kuti ena m'sitimamo ananena kuti ndegeyo ikutsika kudzawaukira pamene makina awo ankaonetsa kuti ikukwera, ngati kuti ankaona zimene anazizolowera pa maphunziro m'malo mwa zimene zinali pamaso pawo. Akuluakulu nawo satetezeka ku chinyengo chimenechi. Pa masewera aakulu ankhondo a Millennium Challenge mu 2002, mkulu wa asilikali wopuma Paul Van Riper, amene anapatsidwa mbali ya mdani, anamiza sitima 16 za pa kompyuta pogwiritsa ntchito timabwato ndi amithenga a pa njinga zamoto, ndipo oyendetsa masewerawo anangoziyandamitsanso n'kumuikira malire kuti mbali yawo ipambane.

Kwa dziko ngati Zambia palinso zovuta zapansi zimene amalonda a makinawa sazitchula. Simuleta imafuna magetsi osadukaduka, chipinda chozizira ndi akatswiri oikonza, ndipo m'chaka cha chilala cha 2024 mabanja ambiri, ngakhale a ku Kafue oyandikana ndi kumene magetsi amapangidwa, ankakhala mumdima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Mapulogalamu ake amalipiridwa chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, ndipo kampani ikasiya kuwasamalira chipinda chonse chimasanduka mosungiramo mipando yothyoka. Mapu amene amabwera ndi makinawo amakhala a zipululu ndi mizinda ya kwina, ndipo kujambula bwino Kafue, ndi milatho yake, mafakitale ake ndi njira zake zamadzi, kumatanthauza kusonkhanitsa m'kompyuta imodzi zinthu zimene mdani aliyense angakonde kukhala nazo, nthawi zina kompyuta yokonzedwa ndi mlendo.

Koma mantha aakulu a otsutsa sali pa makinawo, ali pa osunga chuma cha boma. Simuleta imagulitsidwa ndi lonjezo lakuti ichepetsa ndalama zophunzitsira, ndipo lonjezo lotere likafika ku ofesi yokonza bajeti limamveka ngati chilolezo chodula ndalama za mafuta a ndege ndi zipolopolo. Chipinda chatsopano chimatsegulidwa ndi nduna, chimajambulidwa, chimaoneka. Maola amene ndege sinauluke saoneka kwa wina aliyense. Patapita zaka zingapo gulu lankhondo limakhala ndi olondolera okhala ndi ziphaso amene sanalankhulepo ndi ndege yeniyeni, oyendetsa ndege amene sanafunefunepo utsi wa chizindikiro pakati pa utsi wa lupsa, ndi owombera amene mizinga yawo yakhala nthawi yaitali osayesedwa.

Poyeza mbali ziwirizi, zikuoneka kuti sizikukangana pa chinthu chimodzi. Ochirikiza akulankhula za pakamwa ndi ndondomeko, ndipo pamenepo apambana kotheratu. Kuphunzitsa msilikali kusiyanitsa repeat ndi say again pogwiritsa ntchito zipolopolo za madola masauzande n'kuwononga chuma cha anthu osauka. Otsutsa akulankhula za maso, thupi ndi kukayika, ndipo pamenepo sanayankhidwe. Ngakhale mayiko a NATO, amene ali ndi masimuleta abwino koposa, amangolola kuti makina ovomerezeka alowe m'malo mwa gawo lina la maulendo amene JTAC ayenera kulondolera, osati onse. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike, ndipo pa nkhani iyi kapansi ndi wolondolera uja, amene ndi wotsika mtengo kumuphunzitsa kuposa ndege imene akuiitana, koma ndi amene amaiwalika msanga pogula zida.

Chigamulo cha nkhani ino n'chakuti Zambia, ndi mayiko oyandikana nayo amene chuma chawo n'chofanana, ayenera kugwiritsa ntchito simuleta, koma yosafuna zambiri, ya makompyuta wamba ndi mawailesi enieni amene asilikali amanyamula, yoti n'kuyendera magetsi a dzuwa ndi kukonzedwa ndi amisiri a m'gulu lankhondo lomwelo. Mapu ake ajambulidwe ndi kusungidwa ndi eni dziko. Masewera ake alembedwe ndi asilikali amene abwera kuchokera ku Birao ndi malo ena otero, ndipo mwa masewerawo mukhale ambiri amene yankho lolondola ndi kukana kuwombera, chifukwa chimene chikuoneka ngati gulu la adani pafupi ndi mlatho ndi amayi ogulitsa nsomba, kapena chifukwa chandamale chayandikana kwambiri ndi mosungira feteleza. Wophunzira amene waletsa ndege pa nthawi yoyenera apatsidwe malikisi ofanana ndi amene waphulitsa chandamale. Ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo, ikadzapemphedwa kuvomereza ndalama zogulira makinawa, ifunse kaye kuti chaka chimenecho ndege ziuluka maola angati ndi asilikali apansi, ndiponso kuti wolondolera aliyense aitana zipolopolo zenizeni zingati asanapatsidwe chiphaso. Ngati manambala awiriwa akutsika m'chaka chimene simuleta ikugulidwa, komitiyo isavomereze.